Kazitape wa pa Kalidera ya Apongozi

Mwa zitsulo zonse zimene ndamangapo ndi manja angawa, palibe chimene chinandizunguza mutu ngati kabokosi kotuwa kamene kanabwera kuchokera ku Beira masiku aja Ulongwe akutchedwa Vila Coutinho. Ndinene pano pomwe kuti kabokosiko kanalibe mlandu. Mlandu unali wa anthu, ine ndemwe ndili momwemo.

Ndinkagwira ntchito pa kafabirika koyenga mafuta a mtedza, kunja pang'ono kwa Ulongwe, panjira ya ku Lifidzi. Mwini wake anali Mpwitikizi wamfupi, wa mawu aakulu kuposa thupi, amene tonse tinkangomutchula kuti patarawu, kutanthauza bwana. Ntchito yonse ya pamenepo inkadalira kalidera, chithanki chachitsulo chowiritsa madzi ndi nkhuni kuti nthunzi yake itenthetse mtedza ndi kuyendetsa makina. Wosonkhezera moto wa kaliderayo, kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu, anali apongozi anga aamuna, bambo ake a mkazi wanga.

Ndiwo anandipezera ntchitoyo. Nditamaliza sukulu ya ku misyoni ndinakaphunzira za zitsulo ku Beira, ndipo nditabwerako n'kukwatira mwana wawo, iwo anakagwada kwa patarawu n'kunena kuti mkamwini wawo amadziwa shavi, kapena kuti sipanala, ndi manambala. Ndinkakhala pamudzi pawo, kulima munda wa kuchikazi, kumwa madzi a pachitsime chawo. Banja lawo linali logwira mwambo zolimba. Chikwatirire, ine ndi apongozi tinali tisanayang'anizanepo m'maso, ndipo mawu athu sankapitirira moni. Tikakumana panjira ndinkapatuka n'kunyonyomala m'mbali. Kuntchito nakonso, ndikafuna kulowa m'nyumba ya kalidera, ndinkaima pambali pa khomo maso ali pansi, kuwomba m'manja, kunena odi, n'kudikira mpaka atayankha kuti odini. Akachedwa kuyankha, ndinkadikira ndithu.

Patarawu anatopa ndi kutsetserekera ku kalidera kukaona mphamvu ya nthunzi. Ankafuna aziiona ali pampando mu esikiritoriyo, ofesi yake, akumwa khofi. Ndiye kubwera kwa kabokosi kaja, kamene dzina lake ndi tiranzimisoro. Ntchito yake ndi yosavuta kuifotokoza. Kamamva mmene nthunzi ikukankhira m'kalidera, n'kutumiza uthengawo ndi mpweya kudzera m'kachubu ka mkuwa mpaka ku esikiritoriyo. Kumeneko kunali pepala lozungulira ngati mbale, loyenda pang'onopang'ono tsiku lonse, ndi kacholembera kojambulapo mzere wofiira. Nthunzi ikakwera mzere ukwera, ikatsika utsika.

Ndinakamanga masiku atatu, ndikudzimva kuti ndine munthu. Ndinakapachika pakhoma, kutali ndi ng'anjo, poti kutentha kumakapusitsa. Pamwamba pa kalidera panali bowo limodzi lokha lopoterapo chubu, pamene panali wotchi yakale ya singano imodzi, yosonyeza mphamvu ya nthunzi kwa wosonkhezera moto. Kuboola bowo lina kunafunika akuluakulu oyendera makalidera a ku Tete, ndipo masiku amenewo msewu wa ku Tete unali utayamba kale kudzaza magalimoto a asilikali, munthu sunkadziwa kuti wa kumeneko afika liti. Ine wanzerune ndinati palibe vuto. Ndinaika kampopi kamodzi pabowopo, n'kugawa njira ziwiri kuseri kwake, ina yopita ku wotchi, ina ku kabokosi. Chubu ndinachipinda n'kukhala chozungulira, chimene amisiri amati mchira wa nkhumba, n'kuthiramo madzi kuti nthunzi yotentha isafike pa kabokosi n'kukawononga. Kenako ndinayendetsa kachubu ka mkuwa m'munsi mwa denga mpaka kwa patarawu, ndikupaka thovu la sopo polumikiza paliponse kuti ndione ngati mpweya ukuthawa. Sunathawe pena paliponse.

Masiku atatu onsewo apongozi ankangosesa tizitsulo timene ndinkagwetsa, atandifulatira. Sindinawafunse kuti akuganizapo chiyani, ndipo ngakhale ndikanafuna, ndikanayambira pati? Paja amati safunsa anadya phula. Madzulo a tsiku lomaliza ndinauza mkazi wanga kuti wakwatiwa ndi mesitiri weniweni, katswiri wa zitsulo. Iye anangoti, "Chabwino amesitiri, koma nkhuni zatha."

Mlungu woyamba womwewo, mzere wofiira unayamba kuulula zonse. Apongozi akapatuka kukadzithandiza, mzere unkatsika. Nkhuni zikakhala zaziwisi, unkatsika. Belu la masana likalira, iwo n'kuvula chipewa kuti apemphere, unkatsikanso. Kale zonsezi zinkachitika, mafuta n'kumatuluka bwinobwino, popanda wodandaula. Tsopano patarawu ankangoti akaona mzere wapendekeka, wauyamba ulendo, pepala m'manja, kudzakalipira munthu wa imvi pamaso pa onyamula matumba. "Ukugona, mdala!" Mawu amenewo ankamveka mpaka ku ofisina kwanga kokonzera zitsulo, ine n'kumangoweramira chitsulo chimene ndikupala, manyazi atandigwira. Antchito anakapatsa kabokosiko dzina lakuti kazitape, ndipo aliyense ankadziwa amene anabweretsa kazitapeyo m'nyumba ya apongozi ake.

Kenako zinthu zinakhala bwino modabwitsa. Mzere unasiya kugwedezeka. Unkazungulira pepala mosalala ngati mkombero wa lichero, pa makilo asanu ndi awiri a mphamvu ya nthunzi, kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Patarawu anakondwa, anandisisita paphewa, n'kunena kuti mdala waidziwa ntchito tsopano. Ine mtima sunakhale pansi. Moto wa nkhuni sungayake mofanana tsiku lonse, ngakhale wosonkhezayo atakhala mngelo. Ndinadziwa kuti kabokosi kanga kakunama.

Apa ndiye ndinaona zakuda. M'mawa uliwonse ndinkafika pakhomo, odi, kudikira, odini, n'kulowa. Ndikayang'ana wotchi, singano ikunjenjemera bwinobwino monga iyenera kuchitira. Ndinakhuthula madzi m'kasefa ka mpweya, kamene kankafunika kukhuthula tsiku lililonse. Ndinatseka kampopi, kutulutsa mphamvu yotsalira, kuthamangira ku esikiritoriyo kukaona ngati cholembera chabwerera pa ziro, ndipo chinali chitabwerera. Ndinamasula mchira wa nkhumba, kuutokosa ndi waya poganiza kuti watsekeka ndi dzimbiri, kuthiramo madzi ena. Ndinatsegula kabokosi komweko n'kupukuta kabowo kake ka mpweya, kochepa moti umachita kutsinzina diso limodzi kuti ukaone. Loweruka lina ndinakwawa m'denga monse ndi chitini cha thovu, makoswe akundidutsa pamsana. Zonse zinali bwino. Ndikangotuluka, mzere uja n'kusalalanso ngati waujambula ndi mphunzitsi pa bolodi. Ndinayamba kukalipira mkazi wanga pa zinthu zopanda mutu, ndipo buku la malangizo, limene linali m'chilankhulo chimene ngakhale patarawu sankachimva, ndinaliponyera kuseri kwa kabati.

Chimene chinandithandiza ndi mapepala akale. Tsiku lina ndinawayala pansi onse a milungu itatu. Pa pepala lililonse mzere unali wosalala, kupatula malo amodzi pamene unkadzuka n'kuvina kwa kanthawi. Ndinayang'ana nthawi yake. Inali nthawi yeniyeni imene ine ndinkakhala m'nyumba ya kalidera. Ndinakumbukiranso kuti m'nyumba monsemo, modzaza mwaye, chitsulo chonyezimira chinali chimodzi chokha, chogwirira cha kampopi kanga. Ndinakhala pansi n'kugwira tsaya. Apongozi ankadikira kuti singano ifike pamene patarawu amapakonda, n'kutseka kampopi, mphamvu n'kutsekeredwa m'chubu, singano ndi cholembera n'kuuma pomwepo. Ine ndikati odi, maso ali pansi, ndinkawapatsa ndekha mpata wokwera pamakwerero n'kutsegula. Milungu itatu ndikukwawa ndi makoswe, pamene wondipusitsayo ndinkamuwombera m'manja m'mawa uliwonse!

Ndinapsa mtima, koma mantha anaposa. Kampopi kaja kakatsekedwa, si patarawu yekha amene ankakhala wakhungu. Wotchi ya apongozi nayo inali kuseri kwa kampopi komweko, mwa nzeru zanga zija. Ndiye kuti munthu ankaponya nkhuni pansi pa chithanki cha nthunzi popanda chomuuza kuti yafika pati. Ku Beira anationetsapo malo pamene kalidera inaphulika. Sindifuna kufotokoza zambiri, koma khoma panalibe, ndipo wosonkhezera moto anamuika m'bokosi laling'ono.

Nanga mkamwini angawauze bwanji apongozi ake kuti mukulakwa? Ndinauza mkazi wanga. Iye anauza mayi ake. Mayi ake anadikira masiku awiri kuti apeze mpata wabwino. Yankho linabwerera njira yomweyo, ndipo mkazi wanga anandipatsira akutsuka mbale, osandiyang'ana n'komwe.

"Akuti kalidera ija amaimvera m'makutu. Ikakhuta imalira mwina, ikamva njala imaliranso mwina. Akuti anayamba kuimva inu musanamere ndevu."

"Ndiye ukawauze kuti makutu si wotchi."

"Iii, inu! Ndikawauze abambo zimenezo ine? Kawauzeni nokha, si ndinu amesitiri?"

Ndinayesa njira ya ankhoswe, amene anali amalume anga. Ndinawafotokozera zonse, mpaka kuwajambulira kalidera ndi kampopi pansi ndi chala. Iwo anagwedeza mutu ngati amva. Anapita Lamulungu, anamwa mowa wa apongozi tsiku lonse, n'kubwerako ndi uthenga wakuti nkhani yatha bwino, a kuchikazi avomera kundiwonjezera dimba. Mpaka lero sindidziwa chimene anakanena kumeneko.

Ndinamanga kampopi ndi waya kali kotsegula. M'mawa mwake ndinapeza wayayo atakulungidwa bwinobwino, ali pa tebulo langa ku ofisina, monga achitira munthu pobweza chinthu chimene mnzake wataya. Ndinachotsa chogwirira n'kumayenda nacho m'thumba. Iwo anasula china ndi kachitsulo ka njinga, chokongola kuposa changa. Njira imene inatsala inali yokanena kwa patarawu. Koma ndinadziwa kuti akangomva, apongozi achotsedwa tsiku lomwelo, ine n'kumagona pamudzi pa munthu amene ndamuchotsetsa ntchito, ntchito yanga atandipezera yemweyo. Sindinakanene, koma ndinaonda ndi nkhawa, lamba n'kumamuboola mabowo atsopano.

Tsiku limene zinthu zinafika poipa linali la nyengo yachisanu, nkhungu itaphimba dambo lonse, dzuwa osaoneka. Mtedza unali wambiri chaka chimenecho ndipo patarawu ankangokuwa kuti nthunzi, nthunzi. Ndinafika pakhomo ndi shavi yanga n'kuwomba m'manja.

"Odi!"

Zii. Ndinawombanso.

"Odi kuno!"

Zii. Kachitatu ndinakuwa mpaka onyamula matumba anacheuka. Ndinachita chimene ndinali ndisanachitepo, ndinasuzumira. Apongozi anali pomwepo, atandifulatira, akuponya chikuni m'ng'anjo. Sikuti ankandinyalanyaza dala, chifukwa akanandimva akanathamangira kampopi monga mwa masiku onse. Pamenepo ndinamva chimene iwo sankachimva. Kalidera inkalira kamawu kopyapyala, ngati udzudzu uli pakhutu, ndipo polumikiza zitsulo pankatuluka tinthunzi pamene sipanatulukepo n'kale lonse.

Ndinalowa popanda odini. Ndinakwera makwerero n'kutsegula kampopi pang'onopang'ono. Singano inachoka pa malo ake abodza aja, kudutsa chizindikiro chofiira, n'kumapitabe. Ndinayang'ana vavula yopumira, imene imayenera kutseguka yokha nthunzi ikachuluka. Pa mkono wake panali patapachikidwa khasu lakutha, kuti ilemere n'kuleka kulira, kuopa kuti ingaitane patarawu. Nalonso ayenera kuti ankalichotsa ndikati odi. Ndinalimenya ndi shavi, linagwa pansi, vavula n'kukuwa moti akuti ng'ombe za kutsidya kwa dambo zinabalalika.

Phokoso limenelo apongozi analimva. Anatembenuka, kuona khasu pansi, n'kulitola. Mukhoza kukhulupirira? Anayamba kukwera makwerero kuti akalibwezere, patarawu asanafike! Ndinatsika n'kuwagwira pamkono ndi manja awiri, ine mkamwini, n'kuwakokera kumbuyo mwamphamvu mpaka anakhala pansi paphulusa, chipewa n'kugwera uko. Ndinatseka njira ya mphepo ya ng'anjo, n'kuyamba kukokera makala panja ndi chitsulo chachitali. Nsidze zinapserera, ndipo zimene ndinkanena pakamwa ndikuthokoza Mulungu kuti nthunzi inazimeza.

Patarawu anafika akuthamanga, pepala m'manja, mzere wofiira utakwera mpaka m'mphepete. Anafuna kudziwa kuti wachita zimenezi ndani. Apongozi anali chikhalire paphulusa, akuyang'ana singano imene inkatsika pang'onopang'ono. Ndinali ndi mawu ambiri oti ndinene, a milungu isanu ndi umodzi. Koma ndinakankhira khasu lija pansi pa mulu wa nkhuni ndi phazi, n'kunena kuti kulakwa n'kwanga, ndinamanga wotchi ndi kabokosi pa kampopi kamodzi, ndiye njira itatsekeka zonse ziwiri zinanama. Silinali bodza lokhalokha, ndipo n'chimene chinandiwawa kwambiri. Ananditchula mayina a nyama zonse zimene ankazidziwa, bulu ndiye anabwerezedwa kangapo, n'kulamula kuti moto usayatsidwenso mpaka atabwera a ku Tete kudzaboola bowo lachiwiri.

Kumudzi nkhani inafika ine ndisanafike. Koma sinali ya kalidera ayi. Inali yakuti mkamwini wagwetsa apongozi ake paphulusa. Apongozi aakazi analira ngati pagwa zovuta. Mkazi wanga sanandilankhule masiku awiri. Amalume anabwera nkhope ili yolimba, n'kundiuza kuti ndipereke tambala wopepesera.

"Amalume, munthuyu ndamupulumutsa ine!"

"Eya, wachita bwino mphwanga. Tambalayo akhale wamkulu."

Ndinapereka tambala wanga wofiira, yekhayo amene ndinali naye. Madzulo ake ndinamva fungo lake likuchokera kuseri kwa nkhokwe ya apongozi, ine ndikudyera nyemba. Ndinalumbira mumtima kuti chaka chikatha ndibwerera ku Beira, anthu awa aziphulika okha.

A ku Tete anafika patapita milungu iwiri, atatsagana ndi mdipiti wa magalimoto a asilikali. Bowo lachiwiri linabooledwa, wotchi inakhala ndi njira yakeyake, vavula anaiyesa n'kuimanga chizindikiro. Tsiku loyatsanso moto ndinalawirira kuti ndikathire madzi mu mchira wa nkhumba nthunzi isanakwere. Kunacha bwino, dzuwa lili phwee. Ndinaima pambali pa khomo paja, mtima ukadali wowawa ndi tambala wanga, n'kukweza manja kuti ndiwombe.

Ndisanawombe, apongozi anayamba kulankhula. Ndinakweza maso pang'ono. Anali atakhala pa chitsa, atandifulatira monga mwa mwambo, ndipo pa chitsa china panali chogwirira chija anasula okha, chitaikidwa poonekera. Ankalankhula mokweza kwambiri, akuyang'ana kalidera, poti ine sakanatha kundilankhula.

"Kalidera iwe, zaka zonsezi ndakhala ndikukumva. Chaka chino ukulira ine osakumva. Belu la masana ndimangoonera anzanga akavula zipewa." Anatokosa phulusa ndi kamtengo. "Odi wa akamwini ndinkamuonera pa chithunzithunzi chawo, chikagwera pakhomopa. Tsiku lija kunalibe dzuwa. Ukawauze asamaimenso panja. Azingolowa."

Mkwiyo wonse umene ndinabwera nawo unandithera pomwepo, m'malo mwake munalowa chisoni. Milungu yonse ija ndinkayesa ndikulimbana ndi munthu wamakani, chikhalirecho ndinkalimbana ndi munthu wamantha, amene ankabisa makutu ake kuti ntchito isamuthere. Ndinayankha, nanenso ndikuyang'ana chithanki chachitsulocho.

"Kalidera, uwauze kuti ndamva."

Sanagwedezeke. Anapitiriza kutokosa phulusa, akudikira yankho limene ndinali nditapereka kale. Ndiye ndinalowa, ndinatola chogwirira chija n'kuchiika m'thumba, n'kuzungulira mpaka kukanyonyomala patsogolo pawo, pamene akanatha kundiona, n'kugwedeza mutu. Anakweza nkhope. Aka kanali koyamba kuti ine ndi apongozi anga tiyang'anizane m'maso. Maso awo anali ofiira ndi utsi wa zaka zonse zija, ndipo ine ndinali ndisanadziwe n'komwe.